Mboni zitatu m'zipinda zitatu

Chaka chilichonse, Lolemba la sabata yachisanu ya Lenti, m'tchalitchi cha Fonte Boa monganso m'matchalitchi ena onse a Katolika mumawerengedwa nkhani ya Suzana, ya m'mutu 13 wa buku la Danieli. Akuluakulu awiri, oweruza olemekezeka, ananamizira mayiyu kuti anamupezerera ndi mnyamata m'munda, ndipo poti mawu awo anali amodzi, khamu linawakhulupirira n'kugamula kuti aphedwe. Lamulo la Mose linkafuna mboni ziwiri kapena zitatu, ndipo ziwirizo zinalipo. Chimene chinamupulumutsa ndi nzeru ya mnyamata Danieli, amene anawalekanitsa akuluwo n'kufunsa aliyense payekha funso limene sanalikonzekere, lakuti zimenezi zinachitikira pansi pa mtengo wanji. Uyu anatchula mtengo wake, uyo wakenso, bodza n'kuyaluka. Nyakwawa iliyonse ya ku Tsangano imene inazengapo mlandu wa malire a munda wa kachewere imaidziwa nzeru imeneyi ngakhale isanatsegule Baibulo: kufanana kwa mawu a mboni pakokha sikutsimikiza kanthu, chifukwa anthu amatha kupangana usiku.

Nzeru yomweyi ndiyo ili pa tsinde pa nkhani ina imene imaoneka ngati ili kutali kwambiri ndi mapiri a Angónia, nkhani ya sayansi ya tinthu ting'onoting'ono kwambiri yotchedwa fizikisi ya kwantamu. Chilandirireni mphoto ya Nobel Alain Aspect, John Clauser ndi Anton Zeilinger mu 2022, nkhani ya entanglement, kulukana kwa tinthu totalikirana, yatuluka m'mayunivesite n'kufika m'mafoni mwa anthu, ndipo aliyense akuikokera kwake. Wina akuti asayansi avomera tsopano kuti chinthu chingathe kukhudza chinzake chili kutali, ndiye kuti ufiti ndi sayansi imene makolo anaidziwa kalekale. Wina akuti Utatu Woyera ndi chiyanjano cha oyera mtima zatsimikizika m'labotale. Onse awiri akuthamangira zimene zinapezeka osafunsa m'mene zinapezekera, pamene ine ndikuona kuti phunziro lalikulu lili m'kapezedweko. Akatswiriwa anafika ponena kuti tinthu tolekana ndi tomangika pamodzi chifukwa anayamba aziyesa mboni zawo ngati zabodza, ndipo pa mayeso aliwonse ankanena poyera amene akumukhulupirira ndi amene sakumukhulupirira. Aliyense wonena za chingwe chosaoneka pakati pa anthu, kaya ndi sing'anga, mlaliki kapena mphunzitsi, ali ndi ngongole yomweyo kwa omumvera.

Mkangano unayamba mu 1935, pamene Albert Einstein, Boris Podolsky ndi Nathan Rosen analemba nkhani yodandaula ndi chiphunzitso cha kwantamu. Chiphunzitsocho chimati tinthu tiwiri tochokera pamodzi, monga tizidutswa tiwiri ta kuwala totchedwa mafotoni, tingathe kutalikirana kwambiri, koma tikayezedwa zotsatira zake zimagwirizana, chikhalirecho kalikonse pakokha kanalibe yankho lokhazikika kasanayezedwe. Einstein anakana. Iye ankati ngati mayankho akugwirizana ndiye kuti anali kale mkati mwa tinthuto pamene tinkasiyana, kungoti sayansi inali isanafike powaona. Mboni zinapangana zisanalekane. Chaka chomwecho Erwin Schrödinger wa ku Austria anaona mbali ina imene inamusautsa kwambiri. Munthu amene ali ndi kanthu koyamba, posankha kayezedwe kamene achite, amaoneka ngati akuwongolera mkhalidwe wa kanthu kachiwiri kamene sakukagwira n'komwe. Kuwongolera kumeneku ndiko akatswiri amakutcha steering. Kwa zaka pafupifupi 30 nkhaniyi inali ya pakamwa chabe, chifukwa panalibe amene ankadziwa funso loti lingalekanitse pangano ndi kulukana kwenikweni.

Funsolo analipeza ndi John Bell wa ku Belfast, amene ankagwira ntchito ku CERN pafupi ndi Geneva. Mu 1964 anasonyeza ndi masamu kuti kupangana kuli ndi malire. Mboni ziwiri zikalekanitsidwa, iliyonse n'kufunsidwa funso limodzi mwa awiri losankhidwa mwa maere pa nthawi yomweyo, pali mlingo umene kugwirizana kwa mayankho awo sikungaupyole, ngakhale zitapangana mochenjera bwanji. M'mayeso amene Clauser ndi anzake atatu anakonza mu 1969, opangana sangapambane koposa ka 75 pa 100, pamene tinthu tolukana timafika pafupifupi ka 85 pa 100. Clauser ndi Stuart Freedman anayesa ku Berkeley mu 1972, malire a pangano n'kupyoledwa. Okayika anati mwina zipangizo zoyezera zimadziwitsana mafunso pasadakhale, choncho mu 1982 Aspect, ku Orsay m'dziko la France, ankasintha mafunso mafotoni ali kale m'njira. Anatinso mwina tinthu timene sitinagwidwe ndi makina ndito tikanasintha chiwerengero, ndipo mu 2015 gulu la ku Delft m'dziko la Netherlands linatseka mipata iwiri ikuluikuluyi nthawi imodzi, pogwiritsa ntchito maelekitironi awiri a m'timiyala ta dayamondi totalikirana makilomita 1.3. Mu 2017 satelayiti ya China yotchedwa Micius inagawa mafotoni olukana ku Delingha ndi ku Lijiang, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,200. Kuchokera 1935 kufika 2015 ndi zaka 80. Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'nkhani ya Suzana kulekanitsa mboni kunaulula pangano, koma kuno kunaulula kuti palibe pangano limene lingafotokoze zimene zikuoneka.

Mboni zikafika zitatu nkhani imamveka bwino koposa, ndipo m'poyenera kuima pang'ono, chifukwa wophunzira wa sekondale ku Fonte Boa kapena ku Ulónguè angathe kuitsimikiza yekha ndi cholembera. Maganizo ake anachokera kwa Daniel Greenberger, Michael Horne ndi Zeilinger mu 1989, ndipo kulukana kwa mtunduwu kumatchedwa GHZ potenga zilembo zoyamba za maina awo. Mboni zitatu zili m'zipinda zitatu. Woweruza ali ndi mafunso awiri, A ndi B, ndipo amachita maere pakati pa njira zinayi: kufunsa zonse zitatu funso A, kapena kufunsa imodzi funso A n'kufunsa ziwiri zotsalazo funso B, zimene zingachitike m'njira zitatu malinga ndi mboni imene yapatsidwa A. Iliyonse imamva funso lake lokha n'kuyankha inde kapena ayi. Lamulo ndi lakuti zonse zikafunsidwa A, zoyankha inde zikhale ziwiri kapena pasakhale ngakhale imodzi; m'njira zitatu zinazo zoyankha inde zikhale imodzi kapena zonse zitatu. Zipatseni usiku wonse kuti zipangane. Iliyonse isankhiratu yankho lake la A ndi la B, ndiye kuti mayankho onse ndi 6. Mukawerenga pamodzi ma inde a m'njira zonse zinayi, yankho lililonse mwa 6 aja limalowa kawiri, choncho chiwerengero chonse chiyenera kugawika pawiri popanda chotsala. Koma lamulo likufuna nambala imodzi yogawika pawiri kuphatikiza nambala zitatu zosagawika, ndipo zimenezi mukaziwonkhetsa nthawi zonse pamatsala imodzi. Palibe pangano lililonse limene lingakwaniritse njira zonse zinayi. Lochenjera kwambiri limakwanitsa zitatu. Koma mboni zonyamula tinthu titatu ta GHZ, iliyonse n'kuyeza kake malinga ndi funso limene yamva, masamu a kwantamu amati zipambana nthawi zonse. Gulu la Zeilinger linapanga mafotoni atatu otere ku Innsbruck mu 1999, ndipo zotsatira zimene Pan Jianwei ndi anzake analengeza mu 2000 zinapyola malire a pangano monga kwantamu inanenera, kupatula zolakwika zing'onozing'ono za makina.

Chodabwitsa chenicheni chili poti mgwirizanowu suoneka mwa mboni imodzi kapena ziwiri. Mukatenga kaundula wa mayankho a mboni imodzi, muona inde ndi ayi osakanikirana mwachisawawa, theka ndi theka. Mukatenga makaundula awiri n'kuwaika pamodzi, simupezamo dongosolo lililonse m'mafunso amenewa. Dongosolo limatuluka pokhapokha onse atatu aikidwa pa tebulo limodzi. Kanthu kamodzi mwa titatuto kakatayika, tiwiri totsalato sitikhalanso tolukana. Pali kulukana kwina kwa tinthu titatu, kotchedwa W, kumene Wolfgang Dür, Guifré Vidal ndi Ignacio Cirac anasonyeza mu 2000 kuti n'kosiyana kotheratu ndi GHZ: kumeneku kamodzi kakatayika, tiwiri timatsalabe tolukana. Choncho kunena kuti zinthu zitatu ndi zomangika pamodzi kuli ndi matanthauzo oposa limodzi, ndipo woyesa ayenera kunena tanthauzo limene akulitsimikiza. Wokayika angathenso kunena kuti mwina ziwiri mwa mboni zitatuzo ndizo zikunong'onezana, yachitatu ikungotsatira pangano wamba. Nkhawa imeneyi anaiyankha George Svetlichny mu 1987, ku yunivesite ya Katolika ya ku Rio de Janeiro imene amaiyendetsa ndi Ajezuiti, chipani chomwecho cha ansembe chimene chinatsegula mishoni ya Fonte Boa mu 1945. Iye anakonza mayeso okhwima amene ngakhale mboni ziwiri zilizonse zitaloledwa kunong'onezana sizingawapambane mopyola mlingo wina, ndipo tinthu ta GHZ timaupyola mlingowo.

Nkhani ya kuwongolera ija inadikira mpaka 2007 kuti imveke bwino, pamene Howard Wiseman, Steve Jones ndi Andrew Doherty ku Australia anasonyeza kuti kusiyana kwa mayeso onsewa kuli pa funso limodzi: mukukhulupirira ndani? Ngati mumakhulupirira makina a mbali zonse ziwiri, kuti amayezadi zimene eni ake akunena, umboni wochepa ukukwanirani kutsimikiza kulukana. Ngati mumakhulupirira makina anu okha, a mnzanuyo ayi, mufunika umboni wokulirapo. Inu mumasankha kayezedwe, iye amayeza kwake n'kukuuzani zimene mupeze kwanu, ndipo akamalosera molondola pa mafunso osiyanasiyana mopyola m'mene wachinyengo wokonzeratu angathere, kuwongolera kwatsimikizika. Ngati simukhulupirira makina a aliyense, mufunika umboni waukulu koposa, umene uli wa Bell. Makwerero amenewa ndi enieni: Reinhard Werner anali atasonyeza kale mu 1989 kuti pali tinthu tolukanadi timene sitingapambane mayeso a Bell a mtundu wamba. Pali ngakhale kuwongolera koyenda mbali imodzi, kumene gulu la ku Hannover linakuonetsa ndi kuwala mu 2012, woyamba n'kutha kutsimikiza kwa wachiwiri koma wachiwiri osatha kutsimikiza kwa woyamba. Anthu akakhala atatu makwerero amachuluka, chifukwa mungakhulupirire onse, awiri, mmodzi kapena osakhulupirira aliyense. Qiongyi He ndi Margaret Reid analongosola kuwongolera kwa anthu ambiri mu 2013, ndipo mu 2015 Daniel Cavalcanti ndi anzake anapereka njira yoyesera milandu yotereyi imene wina amakhulupiriridwa wina ayi, n'kuiyesa ndi mafotoni. Pa makwerero onsewa lamulo ndi limodzi: chikhulupiriro chikachepa, umboni wofunika umakula, ndipo palibe amaloledwa kubisa pamene waika chikhulupiriro chake.

Tsopano kwa wonena za ufiti. Mfundo imene amaidumpha ndi imene katswiri aliyense wa fizikisi amayamba nayo: kulukana sikunyamula uthenga, sikunyamula mphamvu, ndipo sikusintha chilichonse chimene munthu wa mbali inayo angachione payekha. Wowongolera uja amasankha funso, koma yankho sasankha. Limabwera mwa maere. Mnzake akayang'ana kaundula wake yekha amaona zofanana, kaya wakutaliyo wayeza, kaya sanayeze, kaya wamwalira. Mgwirizano umaoneka pambuyo pake, makaundula akasonkhanitsidwa ndi njira wamba monga lamya kapena kalata, zimene sizithamanga kuposa kuwala. Chimene mfiti amaimbidwa nacho mlandu ndi chosiyana kotheratu: akuti anafuna, anatumiza, ndipo wina anadwala. Zimenezo ndi uthenga ndi mphamvu, zinthu ziwiri zimene masamu a kwantamu amakana kuti kulukana kunganyamule. Kuwonjezera apo kulukana n'kosalimba. Kanthu kolukana kakangokhudzana ndi mpweya, kutentha kapena kuwala kosokera, kulukanako kumamwazikira m'zozungulira n'kusaonekanso, n'chifukwa chake timiyala ta ku Delft tija ankatisunga pa kuzizira kwa pafupifupi madigiri 269 pansi pa ziro. Thupi la munthu ndi lofunda madigiri 37, lodzaza madzi ndi zinthu zogundana kosalekeza. Ndikuumirira apa chifukwa nkhaniyi imapha anthu. Mu Januwale 2016, kutsidya kwa malire m'boma la Neno, okalamba anayi anaphedwa chifukwa mphezi inapha mtsikana ndipo anthu anati ndi iwowo anaitumiza. Malawi ali ndi lamulo la 1911 loletsa kuloza munthu ufiti ndi kumwetsa mwabvi, koma lamulo silikwanira ngati ophunzira eni ake ayamba kuveka ulozi chovala cha sayansi.

Wina adzati ndikuthamanga kutseka chitseko. Kodi Einstein yemwe sanalakwe? Ngati munthu wanzeru chotero anakana chinthu chimene chinadzapezeka choona, n'chifukwa chiyani zimene makolo ankanena sizingadzatsimikizike mawa? Funso ili ndi loyenera, ndipo kunyoza nzeru za makolo popanda kuzimva ndi matenda amene sukulu za atsamunda zinatisiyira. Koma taonani chimene chinagonjetsa Einstein. Sanagonje chifukwa anthu ambiri ankakhulupirira zosiyana ndi iye, kapena chifukwa panamveka nkhani zodabwitsa. Anagonja chifukwa Bell anatenga maganizo a Einstein mwaulemu, n'kuwerengera zimene ziyenera kuoneka ngati ali oona, ndipo zimenezo sizinaoneke. Nkhani ya ufiti imayenda mwanjira ina. Gogo anakangana ndi mpongozi Lachiwiri, mwana anadwala Lachisanu, ndiye akuti umboni wakwana. Palibe amawerenga mikangano yambirimbiri imene inatha popanda wodwala, kapena ana ambirimbiri amene anadwala malungo popanda mkangano. Kutsatana kwa zinthu ziwiri ndi umboni wofooka kuposa ngakhale kufanana kwa mawu a mboni. Ngati wina akufunadi kuti nzeru za makolo zilemekezedwe, njira ilipo ndipo ena aiyenda: mankhwala a malungo a artemisinin anachokera ku chitsamba chimene madokotala akale a ku China ankagwiritsa ntchito, ndipo Tu Youyou analandira Nobel mu 2015 chifukwa anachiyesa mpaka chinapirira mafunso onse.

Mkhristu nayenso ali ndi mayesero ake, ndipo ndi okoma kwambiri moti ndi ovuta kuwakana. Tinthu titatu timene umodzi wake suli mwa kalikonse pakokha, kapena mwa tiwiri, koma mwa tonse titatu: ndani wophunzira katekisimu amene sangaganize za Utatu Woyera? Paulo analembera Akorinto za thupi limodzi la ziwalo zambiri, ndipo makolo athu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. John Polkinghorne, amene anasiya uprofesa wa fizikisi ku Cambridge n'kukhala wansembe wa Anglican, anasonkhanitsa buku mu 2010 lokambirana za Utatu ndi dziko lolukana. Pali chimene ndikuvomereza apa, ndipo si chaching'ono. Kwa zaka mazana angapo ophunzira ambiri ankatenga ngati chosakayikitsa kuti chinthu chilichonse chimafotokozedwa pochiduladula, kuti mukadziwa zonse za chidutswa chilichonse mwadziwa zonse za chinthu chathunthu, ndipo ubale ndi chinthu chongowonjezera pamwamba. Kulukana kwagwetsa maganizo amenewa pa bwalo lawo lomwe. Pali zinthu zimene chathunthu chake chili ndi mkhalidwe wokhazikika pamene zidutswa zake zilibe. Choncho wonena kuti umunthu, kukhala munthu chifukwa cha anthu, ndi maloto a anthu osaphunzira popeza chilengedwe chimadziwa zidutswa zokha, sangatsamirenso pa fizikisi.

Koma kuchotsa chopinga si kumanga nyumba. Fizikisi siinanene kuti anthu ndi olukana, ndipo siinanene kanthu za Mulungu. Kufanana kuja kukakankhidwa pang'ono kumasweka. Tinthu tiwiri tolukana kotheratu sitingalukanenso ndi kachitatu, lamulo limene Valerie Coffman, Joydip Kundu ndi William Wootters analilemba m'masamu mu 2000, pamene chikondi chimene Mpingo umalalikira chimakula pogawidwa. Kulukana kumatha kukangoyezedwa, pamene chiyanjano cha oyera mtima amati ngakhale imfa siichidula. Ndiponso akatswiri eni ake sanamvane za tanthauzo la zimene anapeza: otsatira David Bohm amati pali kukhudzana kwenikweni kobisika, otsatira Hugh Everett amati zotsatira zonse zimachitika m'nthambi zosiyana za chilengedwe, ena amati masamuwo amangonena za zimene woyeza angayembekezere. Wolalikira atsamira pa uti? Mpingo uli ndi chitsanzo chake cha kudziletsa. Georges Lemaître, wansembe wa ku Belgium, ndiye anayambitsa chiphunzitso chakuti chilengedwe chikufutukuka kuchokera pa chiyambi chimodzi. Pamene Papa Pius XII mu 1951 analankhula ngati sayansiyi ikuchitira umboni za kulengedwa kwa dziko, Lemaître sanakondwe nazo, ngakhale ulemu ukanapita kwa iye mwini. Ankadziwa kuti chiphunzitso cha sayansi chingasinthe, ndipo chikhulupiriro chomangidwa pamenepo chingagwe nacho limodzi.

Apa wosakhulupirira adzaona ngati ndamupatsa mlandu wonse. Adzati ngati muyeso ndi umboni wosadalira kukhulupirira aliyense, chipembedzo chonse chalephera pamodzi ndi ufiti. Koma makwerero a Wiseman aja akunena zina. Ngakhale pa khwerero lapamwamba, pamene makina onse akukayikiridwa, chikhulupiriro sichitha, chimangosamukira pena. Woyesa amakhulupirirabe kuti mafunso anasankhidwa mwaufulu, kuti tinthuto sitinawadziwiretu. Akatswiri anayesetsa kuchepetsa ngakhale zimenezi. Pa 30 Novembala 2016 anthu pafupifupi 100,000 padziko lonse anatumiza manambala osankha okha kudzera pa intaneti kuti akhale mafunso a m'malabotale angapo, ndipo mu 2018 gulu la Zeilinger, pa chilumba cha La Palma, linasankhitsa mafunso ndi kuwala kochokera kutali m'mlengalenga kumene kunanyamuka zaka mabiliyoni angapo zapitazo. Zimenezi zinakankhira chikayiko kutali, koma sizinachifafanize, chifukwa munthu angathebe kunena kuti zonse zinakonzedweratu pachiyambi. Woyesa amakhulupiriranso kuti anzake analemba makaundula moona, ndiponso kuti masamu amene ali m'mutu mwa munthu amagwiradi chilengedwe. Palibe chidziwitso chopanda chikhulupiriro pansi pake. Chosiyanitsa munthu woona mtima ndi wonyenga ndi chakuti woonayo amanena pamene waima, amachepetsa zimene akupempha kuti timukhulupirire, ndipo chilichonse chimene chingayesedwe amalola kuti chiyesedwe.

Mpingo ukakhala pa nzeru zake umachita zomwezi. Kuti Mulungu alipo ndi kuti akufa ali moyo mwa iye, umanena poyera kuti ndi chikhulupiriro. Kredo imayamba ndi kuvomera zimenezo. Koma ukanena kuti chakutichakuti chinachitika pa tsiku lakuti, umaitana okayika. Kuyambira 1587 ku Rome kunali wansembe amene ntchito yake inali kutsutsa aliyense woganiziridwa kuti ndi woyera, kufufuza zofooka zake ndi kukayikira zozizwitsa zake, mpaka dongosololi linasinthidwa mu 1983. Ku Lourdes kuli ofesi ya madokotala kuyambira 1883, ndipo mwa anthu oposa 7,000 amene ananena kuti anachira modabwitsa, ovomerezedwa sanafike 100. Kwathu konkuno, ansembe awiri a Chijezuiti, João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angónia, ndi Sílvio Moreira wa ku Portugal, anatengedwa usiku ku Chapotera pafupi ndi Lifidzi n'kuphedwa pa 30 Okutobala 1985, nkhondo ya pachiweniweni ili mkati. Akhristu a m'derali sakayika za chiyero chawo, komabe Dayosizi ya Tete inayenera kutsegula kafukufuku, ndipo malamulo a kafukufuku wotere amafuna kuti mboni zilumbire n'kufunsidwa iliyonse payokha. Ena amaona ngati kuchedwa kotere n'kusowa chikhulupiriro. Ine ndikuona ulemu waukulu kwa akufawo, chifukwa umboni umene wadutsa m'manja mwa wokayika sufunanso kutetezedwa ndi mkwiyo.

Palinso kusiyana kwina pakati pa wopemphera ndi woloza ufiti, ndipo ndi kwa chilungamo. Wokhulupirira Mulungu popanda umboni wa m'labotale waika moyo wake womwe pa chikole. Woloza mnzake waika pa chikole moyo wa wina, kawirikawiri wa nkhalamba yamasiye yopanda woilankhulira, ndipo pamenepo mlingo wa umboni uyenera kukhala wa khwerero lapamwamba, losakhulupirira woneneza, wolosera kapena nsupa yake. Mayeso a woloza amalephera pa chinthu choyambirira: alibe yankho limene lingamasule woimbidwa mlandu. Gogo akakana akuti ndi kuuma mtima kwa mfiti, akalira akuti chikumbumtima chamugwira, akavomera chifukwa cha zibonga akuti waulula. Mayeso a Bell anali ndi mayankho awiri otheka, ndipo aliyense ankadziwiratu limene lingagwetse mbali iti. Clauser mwiniwake, pokonza makina ake ku Berkeley, ankayembekeza kuti Einstein apezeka wolondola ndipo chiphunzitso cha kwantamu chigwedezeka, zimene zikanamutchukitsa nthawi yomweyo. Makina anaonetsa zosiyana ndi zimene iye ankafuna, ndipo iye ndi Freedman anasindikiza zotsatirazo mu 1972 monga zinalili.